Chaka Chimene Ndinkapesa Udzu

Anthu a kuno kwa Chezi akamakumbutsana za chaka chija, ena amati chaka cha ng'amba, ena amati chaka cha gaga. Ine ndimati chaka cha udzu, ndipo ndikangotero amayamba kuseka ndisanamalize. Ndimawasiya aseke, mano ndi awo, koma ambiri mwa osekawo anadya nawo.

Dzina langa ndine Fanuwelo Phiri. Kwathu ndi ku Ntchisi, kuseri kwa mapiri awo, kuno ndinabwera chikamwini kutsata Esinati. Amene sanakhalepo mkamwini sangamvetse. Munda umalima ndiwe koma si wako, nyumba umamanga ndiwe koma malo si ako, ndipo tsiku limene eni mudzi atope nawe amangokupatsa bulangete lako n'kukuonetsa njira. Chaka chimenecho ndinali nditakhala pamudzipa zaka zisanu ndi chimodzi, tili ndi mwana mmodzi wamkazi, Tadala, wina ali m'njira. Zokolola za chaka cham'mbuyo zinali zochititsa manyazi. A Jailosi, amalume ake a Esinati, omwe ndi mwini mbumba, anali atayamba kale kunena pa mowa kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndinkadziwa kuti nkhokwe ikadzangoonetsa pansi, woyamba kuterereka ndine.

Ndiye panali apongozi anga, a Nachisale, mayi ake a Esinati. Kwina mwambo wa apongozi unatha, koma pakhomo pathu ulipo wamoyo. Sitinkayang'anana kumaso, sitinkadyera pamodzi, tikakumana m'njira ine ndinkapatukira kutchire mpaka adutse. Mawu tinkapatsirana kudzera mwa Esinati, ngakhale titakhala kuti tikumvana bwinobwino kuseri kwa khoma. M'zaka zonsezo ndinkadziwa bwino msana wawo ndi zidendene zawo, nkhope ndinkangoiona patali. Mayi amenewo anali katswiri wa khasu. Mzere umene apalira iwo sumeranso kanthu mpaka kukolola, ndipo mudzi wonse unkadziwa zimenezo.

Okutobala

Pamwamba pa chitunda choyang'anana ndi mudzi wathu pali nyumba ya malata ofiira ya mayi wina amene tonse timangoti a Nesi. Anagwira ntchito ya unamwino kunja kwa azungu zaka zambirimbiri, ndipo amuna awo atamwalira komweko anabwerera kudzapuma kwawo. Ndinamva kuti akufuna munthu wa m'munda, malipiro ake thumba la chimanga pakutha pa mwezi, poti iwo anagula chambiri nthawi yokolola. Sindinadikire kuti wina amve. Ndinakwera chitunda chija khasu lili paphewa, dzuwa likuswa mtengo.

"Munda wake uli kuti, mayi?" ndinafunsa titapatsana moni.

"Ndi umene mwaimamowu, bambo Phiri."

Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko. Udzu wokhawokha. Wina wautali kuposa ine, wa ngayaye zoyera kumwamba, wina wofika m'chiuno wogwera mbali zonse, wina waufupi wotuwa, wonse wouma.

"Chabwino. Ndikalambula zonsezi tibzala chiyani?"

"Mulambule? Udzuwu ndi wobzala, bambo Phiri. Ndi maluwa anga. Ndikufuna muumete mvula isanagwe, kuti uphuke bwino."

Apo ndinaona kuti mayiwa anakhalitsa kunja. Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa machesi. "Ntchito imeneyi ndi ya kamphindi, mayi. Muime uko kumene mphepo ikuchokera. Mbewa zikatuluka tigawana."

A Nesi analanda machesi aja n'kuwaika m'thumba la diresi yawo, ndipo sanandibwezere mpaka lero.

Anandiphunzitsa ntchito ngati mwana wa sukulu. Udzu wautali uja timayamba taumanga pakati ndi chingwe kuti ukhale mtolo, kenako n'kuudula ndi zenga, kusiya chiputu chotalika ngati chikhatho. Mtolo umagwa pamodzi, osamwazika pabwalo. Masamba ake amacheka manja, ndiye ndinkavala magolovesi, ine amene ndimagwira lunguzi ndi manja. Wofika m'chiuno uja timaudula ndi sizasi yaikulu, mozungulira, kuti chiputu chikhale chobulungira. Koma waufupi wotuwa uja sadula ayi. Timaupesa. Umagwada, kulowetsa zala pansi, n'kumakoka pang'onopang'ono kuti masamba ouma atsale m'manja, amoyo atsale pa tsinde. Ine mwamuna wandevu, bambo wa mwana, ndinagwada tsiku lonse ndikupesa udzu, ndikupemphera kuti pasadutse munthu wondidziwa.

Pafupi ndi khonde panali kaudzu kena kosiyana ndi kena konse, ka masamba oongoka, ofiira psuu kunsonga. Ndinakayang'anitsitsa, ndinakanda pansi ndi chala, ndinapeza muzu woyera wa nsonga yakuthwa. Ndinamuzindikira mdani.

"Mayi, uyu ndi nansongole."

"Ayi, ameneyo ndi..." anatchula dzina lachingerezi lalitali limene sindinaligwire.

"Kaya kunjako anamubatiza dzina lina, koma ndi nansongole. Bambo anga anakalamba akulimbana naye m'munda, ndipo anapambana ndi nansongoleyo."

A Nesi sanaseke. Anandiuza kuti kaudzu kameneko anakabzala ndi malemu amuna awo pakhomo la nyumba imene ankakhala kunjako, ndipo iwo pobwerera anatengako pang'ono m'kachitini. "Zina zonse mukhoza kulakwitsa," anatero, "koma ameneyu musamukhudze ine palibe."

Mwezi utatha ndinatsika chitunda ndi thumba pa njinga, ndikuliza belu ngakhale m'njira munalibe munthu.

Novembala ndi Disembala

Mvula inagwa bwino pakati pa Novembala ndipo tonse tinabzala ndi mtima umodzi. Mayina a makuponi a feteleza atatuluka, lathu panalibe. Chimanga changa chinamera chachikasu, chikungodalira chisomo. Udzu wa a Nesi unalandira manyowa a nkhuku mawilibala angapo, ndipo ziputu zimene ndinameta zija zinaphuka biriwiri, zonenepa, moti ndinkachita nazo nsanje.

Chinsinsi cha mkamwini sichikhalitsa. Amayi otola nkhuni anasuzumira pampanda n'kundiona nditagwada, ndikupesa. Pofika madzulo nkhani inali itafika mpaka ku Chisepo. Ndikamadutsa pachitsime ankandifunsa kuti lero udzu ndauluka tsitsi lanji, ena ankafunsa ngati ndimaupaka mafuta ndikamaliza. A Jailosi anauza anzawo pa mowa kuti, "Ife tinapempha mkamwini wolima, ku Ntchisi anatitumizira wa saluni."

Zimenezo ndinkapirira. Zondipweteka zinkachokera kuseri kwa khoma.

"Esinati," ankatero apongozi, mokweza kuti ndimve, "uwafunse amuna ako. Udzuwo ukacha tidzatute ndi ngolo kapena madengu akwana?"

"Amake Tadala," ndinkayankha ine, "uwauze amayi kuti wayamba kale kubereka. Thumba limodzi pamwezi, wopanda feteleza."

"Mwamvana kale," ankatero Esinati ali pakati pathu, akusenda maungu. "Ine musanditopetse, ndili ndi katundu wanga."

Januwale

Chaka chatsopano chitangolowa mvula inadula. Sabata yoyamba tinati ikupuma. Yachiwiri tinayamba kuyang'ana kumwamba pafupipafupi. Yachitatu chimanga chinapota masamba ngati anyezi, chili chofika m'chiuno, nthawi imene chimafuna madzi kwambiri. Mitambo inkasonkhana pamwamba pa mapiri a Ntchisi masana alionse, n'kugunda kawiri katatu, kenako n'kubalalika.

Ntchito yanga mwezi umenewo inali yothirira. Ndinkatunga madzi pathanki ndi makheni awiri n'kumathira paudzu, chiputu ndi chiputu. Choipa chake, kuchokera pachitunda paja munda wanga unkaoneka bwinobwino kumunsi, ukutuwa tsiku ndi tsiku. Sindibisa, zinkandiwawa. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kupempha a Nesi kuti tibzaleko ngakhale maungu pakati pa udzuwo.

"Munthu sali ndi mimba yokha, bambo Phiri," anandiyankha. "Alinso ndi maso."

Ndinati zoona mayi, koma mumtima ndinati maso a munthu wanjala amaona mbale yokha. Komabe sindingawanamizire kuti anali ouma mtima. M'mawa ulionse pageti pawo pankakhala amayi ndi ana, ndipo aliyense ankachoka atamwa phala.

Ku msika kwa Chezi mavenda anasiya kuyeza chimanga ndi ndowa, anayamba ndi kambale, kenako ndi kapu. Mtengo wa m'mawa sunali wa madzulo. Mbuzi zinkapita pa mtengo wa nkhuku, njinga zinkapita, ena anafika pozula malata padenga. Anzanga ambiri ankalawirira ku Dzaleka kukaumba njerwa ndi kutunga madzi kuti apatsidwe ufa, ife eni dziko kukapempha ganyu kwa anthu othawa nkhondo, ndipo ankatilandira bwino. Mphekesera ndiye zinali zokhazo zimene zinabereka chaka chimenecho. Tsiku lina kunamveka kuti lole ya chimanga chaulere yaoneka ku Mponela ikubwera kuno. Anthu anakhala pabwalo la mpira masiku awiri ndi matumba opanda kanthu. Lole inafikadi, itanyamula simenti.

Thumba langa lija linkadyetsa makomo atatu. Esinati ankapatula chathu, n'kupatula cha amayi ake. Khomo lachitatu linali la a Jailosi, amene mwezi umenewo anayamba kundikonda mwadzidzidzi. Ankabwera kudzandilonjera tsiku lililonse, ndipo nthawi yake sankaiphonya. Ankafika ndi nkhani ya matenda a uje, n'kuchoka atasamba m'manja kawiri. Pamene akutafuna, nkhani ya saluni sinkamveka. Inkayambiranso akafika kwawo.

Febuluwale

Mvula inabwerera ndi ukali, chimanga chambiri chitapita kale. Kwa a Nesi manyowa a nkhuku aja anadzutsa bonongwe, chisoso ndi luni paliponse pakati pa udzu, moti ndekha sindikanatha kuzizula. A Nesi ankapita ku Lilongwe kukaona mwana wawo, ndipo ponyamuka anati ndipeze munthu wondithandiza kupalira, ndowa ya chimanga yomulipira aisiya pakhonde.

Ndinamuuza Esinati madzulo kuti tiganize munthu. M'mawa mwake kunagwa maliro m'mudzi, ndipo mkamwini sakana kukumba manda. Ndili kumanda, Esinati anawauza amayi ake za ndowa ija. A Nachisale anati ndowa ya chimanga singapite kwa munthu wapadera iwo ali moyo. Anatenga kiyi wa geti pa msomali, khasu paphewa, ulendo.

Apa ndiyenera kuwaikira kumbuyo pang'ono. Mlimi aliyense wa kuno akamapalira amazula udzu, koma akapeza bonongwe, chisoso kapena luni amazisiya, poti ndi ndiwo. Apongozi atalowa pageti sanaone maluwa. Anaona munda wa ndiwo wokongola umene mkamwini waulesi wausiya kuti udzu uutsamwitse.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo, dothi la kumanda lili m'miyendo. Ndinasuzumira pageti. Mbali yonse ya kumunsi inali mbee. Udzu wopesa uja unali utaunjikidwa pamulu, mizu kumwamba, dothi atalikutumula bwinobwino kuti usaphukenso. Wautali uja, umene ine ndinkati munthu mmodzi sangauzule, unali utagona. Bonongwe yekha anaima monyadira, atamuunjikira ndi dothi m'tsinde. Ndipo msana umene ndinkaudziwa bwino uja unali ukulowera kukhonde, kwa kaudzu kofiira.

Mukhoza kufunsa kuti bwanji sindinathamange kukagwira khasu. Mkamwini kugwira khasu la apongozi, kapena kuwauza kuti mwalakwa, ndi mlandu wokhalira ankhoswe. Kukaitana Esinati sikukanatheka, mimba inali itakula ndipo chitunda chija n'chachitali. Ndinabisala kuseri kwa thanki n'kutsokomola. Khasu silinaime. Ndinatsokomolanso mpaka kukhosi kunawawa. Kenako ndinaona Bingo, galu wa a Nesi, atagona pamthunzi pakati pa ine ndi iwo.

"Bingo!" ndinaitana mokweza. "Kodi ukudziwa kuti udzu wa pakhomo pano ndi wobzala?"

Khasu linaima pang'ono.

"Galu iwe," anatero apongozi osatembenuka, "ukawauze anthu ena kuti ulesi ulibe mankhwala. Udzu sabzala."

"Bingo, makamaka wofiirawo. Eni ake amaukonda kwambiri. Unachokera kunja pa ndege."

"Galu iwe, uyu ndi nansongole. Kaya anabwera pa ndege kaya pa ngolo. Ine ndinayamba kumuzula anthu ena asanabadwe."

"Bingo, n'zoona ndi nansongole, koma..."

"Basi, avomera okha."

Bingo anayasamula n'kugonanso. Ine ndinaima kuseri kwa thanki ndikuonerera katswiri akugwira ntchito. Sanangodula pamwamba ayi. Ankatsata muzu uliwonse mpaka kumene wathera, kuukoka, kuukutumula, kuuponya pamulu. Kunena zoona, sindinaonepo munthu akupalira bwino chotero. Atamaliza anathyola bonongwe wodzaza chitenje, anasenza ndowa yawo, n'kuuza galu kuti anthu ena aphunzireko.

Ndinati ndibzalenso msangamsanga eni ake asanabwere, koma a Nesi anafika m'mawa mwake, masiku amene ananena asanakwane. Anaima pageti chikwama chili m'manja. Sanakuwe. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhonde, n'kuyang'ana dothi lofiira pamene panali kaudzu kawo.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Ndine, mayi."

"Inu? Miyezi inayi yonseyi ndakuphunzitsani?"

"Dzanja la mlimi, mayi. Linangoyamba lokha."

Mpaka lero sindidziwa bwino chimene ndinayankhira choncho. Mantha analipo, poti mkamwini wochititsa apongozi manyazi sakhalitsa pamudzi. Koma panalinso china. Mayi aja anakwera chitunda m'mimba muli pululu kuti mdzukulu wawo adye, ndipo ndikanawatchula, anthu akanawaseka mpaka tsiku la maliro awo. Ine ndinali wosekedwa kale.

Ndikanangokhala chete pamenepo zikanakhala bwino. Koma ndinafuna kuwatonthoza. "Musadandaule kwambiri, mayi. Nansongole safa."

A Nesi anakhala pansi pa sitepe n'kuyamba kulira. Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo.

"Pitani, bambo Phiri," anatero. "Ndikanadziwa tsiku la machesi lija."

Malichi

Mwezi unatha wopanda thumba. Tinalowa m'gulu la anzathu, kudya gaga, nkhwani zopanda kanthu, ndi kuthyola dowe asanakhwime. Tadala anasiya kusewera, ankangokhala pakhonde atatsamira khoma, ndipo chimenecho chinkandipweteka kuposa njala yanga. A Jailosi chikondi chawo chinatha tsiku limene thumba linatha. Anatumiza mawu kuti ankhoswe akhale pansi za ine, koma tikakolola, poti khasu salitaya pakati pa mzere.

Zoona zake ndinauza Esinati yekha, ndipo ndinamupempha kuti asanene. Anapirira masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mawu anabwera kuchokera kuseri kwa khoma.

"Esinati, uwafunse amuna ako. Chimanga chinawakana, tinamva. Tsopano ndi udzu womwe wawakana?"

Ndinamva mtondo wa Esinati ukugwa.

"Amayi, udzu munazula ndinu! Unali wobzala! Munthuyu anakuuzani, inu mumvekere galu iwe, galu iwe. A Nesi atafunsa, iye anati ndine. Ntchito yathera inu!"

Kuseri kwa khoma ndinamva apongozi akulowa m'nyumba mwawo.

M'mawa mwake anatuluka ndi khasu anthu asanadzuke, n'kubwera madzulo. Mawa lake chimodzimodzi. Anthu ankati apita kukapepesera mkamwini wawo kwa a Nesi, ndipo ankawayamikira kuti ndi mayi wachifundo. Patapita sabata ndi masiku, ndinangoona a Nesi eni ake atulukira pakhomo panga, Bingo ali pambuyo, nkhope yotopa.

"Bambo Phiri, tiyeni mukaone."

Nditalowa pageti ndinangoti kukamwa yasa. Bwalo lonse linali mizere. Mizere yeniyeni, yoongoka, yopingasa chitunda monga alangizi amanenera. Pamwamba pa mzere uliwonse panali mapando otalikirana mofanana, ndipo phando lililonse linali ndi kachiputu ka udzu. Apongozi anafukula mulu uja, anasankha zimene mvula inazisunga zamoyo, anazigawa tizidutswa n'kubzala. Pamene mbewu inaperewera anakatenga tsekera ndi nsenjere kudambo, poti kwa iwo udzu ndi udzu. Wofiira uja anamupatsa mzere wakewake, ndipo kuwonjezera apo anali ataphuka yekha pakhonde ponse, mpaka m'ming'alu ya sitepe. Ndinafuna kunena kuti ndinanena ine, koma ndinali nditaphunzira kutseka pakamwa.

Kumapeto kwa bwalo msana uja unali utawerama, khasu likugwira ntchito.

"Anabwera tsiku loyamba n'kundiuza zonse," anatero a Nesi motsitsa mawu. "Akuti anazula ndi iwo, abzala ndi iwo. Ndawauza kuti sitibzala chonchi, akuti ine ndidziwe za jakisoni. Ndawauza kuti zakwana, sakumva. Dzulo ayamba kubandira. Chonde, bambo Phiri, bwererani pa ntchito, mundichotsere apongozi anu m'munda muno."

"Ine sindingawauze kanthu, mayi. Ndi mwambo."

"Uzani galu. Ndamva kuti ndi mmene mumachitira."

Ndinakonza kukhosi. "Bingo, kawauze akuluakulu kuti ntchito yaoneka, eni munda akhutira. Akapume."

Khasu linaima.

"Galu iwe," anatero apongozi, mawu ali otsika kuposa masiku onse, "kwatsala mizere iwiri."

Anaimaliza mizere iwiriyo, ife tikudikira. Tsiku lomwelo thumba linatsika chitunda pa njinga, ndipo madzulo Tadala anadya mpaka kugona ndi mbale m'manja. Mizere ija a Nesi anati ndiisiye kaye udzu ugwire, kenako anaizolowera. Ilipo mpaka pano, ndipo alendo ochokera ku Lilongwe amaijambula, amati ndi kabzalidwe ka kunja.

Meyi

Mwana wathu wachiwiri anabadwa mu Epulo, anthu atayamba kudya chitibu ndi maungu. Mu Meyi tinakolola. Munda wonse unatulutsa ngolo imodzi yosadzaza, zitsononkho zambiri zokhala ndi maso owerengeka. Anzathu ena sanafune n'komwe ngolo, anatuta ndi madengu.

Ndinkaganiza kuti poti ntchito ndabwerera, nkhani ya ankhoswe yafa. Koma a Jailosi anali atakonza mawu awo kuyambira Malichi ndipo sakanalola kuti awonongeke. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango Loweruka masana. Mkulu wanga anabwera kuchokera ku Ntchisi ngati nkhoswe yanga. Amayi anakhala pamphasa chapatali, apongozi atandifulatira monga mwa masiku onse, Esinati ali ndi khanda pamiyendo. Anthu ena amene nkhaniyo sinkawakhudza anabweranso, poti kukolola kunali kutatha ndipo kunalibe chochita.

A Jailosi anaimirira atavala jekete.

"Sitikudana naye munthuyu," anayamba. "Koma nkhokwe ndi iyo, aliyense akhoza kukasuzumira. Zaka ziwiri zotsatana. Amuna anzake akamalima, iye ali pachitunda kupesa udzu. Ndipo udzu womwewo unamukanika, anauzula wonse ngati wamisala mpaka anamuchotsa ntchito pakati pa njala. Pakanapanda mlongo wangayu kukagwada kwa a Nesi, bwenzi ana atafa. Ndiye ife tikuti, a ku Ntchisi, katundu wanu..."

"Achimwene, khalani pansi."

Anali apongozi. A Jailosi anayang'ana uku ndi uku ngati mawuwo achokera mumtengo.

"Ndati khalani pansi, jekete lingakomoke. Udzu wa a Nesi ndinazula ndine. Ndinaupalira wonse n'kusiya bonongwe. Munthuyu anandiletsa, ine ndinayankha galu."

Panadutsa kamphindi anthu asanamvetse. Kenako wina kumbuyo anaphulika, ndipo bwalo lonse linagwa ndi phwete. Amayi ankagwirana mapewa, mkulu wanga anabisa nkhope m'chipewa. A Nachisale, katswiri wa khasu, kupalira maluwa a eni ake! Iwo anadikira kuti anthu amalize kuseka. Ndinkaona khosi lawo lili chiongokere, ndipo ndinadziwa kuti kuseka kumeneko kukuwalowa ngati minga.

"Mwamaliza?" anafunsa. "Kusekaku ndi kwanga, kunayenera kubwera mu Febuluwale. Munthu uyu anakusenza yekha, ntchito inamuthera, mwana wake ankagona ndi njala, koma sanatsegule pakamwa. Ine ndinkamunyoza kuseri kwa khoma, iye ali chete. Inu achimwene, chibadwire chanu munasenzapo chiyani changa, kupatula mbale?"

A Jailosi anakhala pansi.

Kenako apongozi anachita chimene sanachitepo. Anatembenuka pamphasa paja, thupi lonse, n'kuyang'ana kumene ndinakhala. Ine ndinagwetsa maso msanga.

"Musayang'ane pansi, ndikulankhula ndi inu. Kuno ndi kwanu, mwana wanga. Wofuna kuchoka achoke iyeyo."

Ndinadzutsa mutu. Ndinalira pamaso pa ankhoswe ndi anthu onse, ndevu zonsezi, ndipo sindinachite nazo manyazi. Aka kanali koyamba kuona kuti Tadala anatengera maso a agogo ake.